Ruth First: cholembera chimene chidasowetsa tulo boma la tsankho

Pakati pa 1952 ndi 1963, nyuzipepala ina ya ku South Africa idasintha dzina kasanu. Idayamba kutuluka mu 1937 ku Cape Town ikutchedwa The Guardian. Boma la azungu litailetsa mu Meyi 1952, posakhalitsa idapezekanso m'misewu ndi dzina loti Clarion, kenaka People's World, kenaka Advance. Advance italetsedwa mu 1954 kudabadwa New Age, ndipo New Age itatsekedwa kumapeto kwa 1962 kudabwera Spark. Maofesi adali omwewo, olemba adali omwewo, owerenga adali omwewo. Pomaliza boma lidazindikira kuti kulimbana ndi dzina n'kutaya nthawi, choncho lidatembenukira kwa anthu eniakewo. Mu 1963 lidalamula kuti akonzi ndi atolankhani a nyuzipepalayi asalembenso chilichonse choti chisindikizidwe.

Mmodzi mwa anthuwo adali Ruth First, mayi amene adayendetsa ofesi ya nyuzipepalayi ku Johannesburg kwa zaka zoposa 15. Boma la tsankho lidatseka nyuzipepala yake, lidamuimba mlandu woukira dziko, lidamutsekera m'chitokosi yekhayekha, lidamutulutsa m'dziko, ndipo pomaliza lidamutumizira bomba m'kalata. Chimene lidalephera n'chimodzi: kuonetsa kuti zimene mayiyu ankalemba zidali zabodza.

Mwana wobadwira m'ndale

Heloise Ruth First adabadwa pa 4 Meyi 1925 ku Johannesburg. Makolo ake, Julius ndi Matilda, amene ambiri ankangowatchula kuti Tilly, adali Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, bambo ku Latvia ndipo mayi ku Lithuania. Adafika ku South Africa ali ana, pamodzi ndi mabanja ambiri othawa umphawi ndi nkhanza za mafumu a ku Russia. Julius adadzakhala ndi fakitale yopanga mipando, koma mtima wake udali pa ndale. Iye ndi mkazi wake adali m'gulu la mamembala oyambirira a Communist Party of South Africa, chipani chimene chidakhazikitsidwa mu 1921.

Ana ambiri achizungu a nthawi imeneyo ankakula osadziwa n'komwe kumene wantchito wowaphikira adachokera. Ruth adakula akumva makolo ake akutsutsana ndi alendo pa nkhani za malipiro a m'migodi, zitupa ndi kulandidwa kwa malo, ndipo ankapita nawo kumisonkhano ya chipani pakhomo pa City Hall. Ataphunzira ku Jeppe High School for Girls, mu 1942 adalowa yunivesite ya Witwatersrand kukaphunzira za kakhalidwe ka anthu. Kumeneko adadziwana ndi Nelson Mandela, Ismail Meer ndi Joe Slovo, onse ophunzira zamalamulo. Slovo ndiye adadzakhala mwamuna wake mu 1949, ndipo adabereka ana aakazi atatu: Shawn, Gillian ndi Robyn.

Kuti timvetse chifukwa chake achinyamata otere ankakopeka ndi chikomyunizimu, tiyenera kukumbukira mmene dzikolo lidalili. M'zaka za m'ma 1940, chimenechi ndicho chidali chipani chandale chimene munthu wakuda, Mmwenye ndi mzungu ankakhala pamsonkhano umodzi ngati mamembala ofanana, ndipo akuda monga Moses Kotane ankachitsogolera. Chidali ndi sukulu zausiku zophunzitsa antchito kuwerenga, ndipo chinkathandiza kukhazikitsa mabungwe a apantchito.

Atamaliza maphunziro, Ruth adalembedwa ntchito ya kafukufuku kukhonsolo ya mzinda wa Johannesburg, koma sadakhalitseko. Pa 12 Ogasiti 1946, anthu akuda oposa 60,000 ogwira ntchito m'migodi ya golide adachita sitalaka motsogozedwa ndi J.B. Marks. Ankafuna masheleni 10 patsiku, pomwe ankalandira masheleni awiri ndi timakobiri pang'ono. M'migodimo mudali amuna ochokera ku Basutoland, ku Mozambique ndi ku Nyasaland, kumene Wenela idali itayamba kale kulemba anthu. Boma la Jan Smuts lidatumiza apolisi amene adabwezera anthu pantchito ndi zibonga ndi mfuti. Sabata isanathe sitalaka idazima, anthu osachepera 9 ataphedwa ndipo oposa 1,200 atavulala. M'masiku amenewo Ruth ankathandiza kusindikiza timapepala tolimbikitsa sitalakayo n'kukatimwaza usiku kumakomboni. Zitatha izi adasiya ntchito ya kukhonsolo n'kulowa utolankhani ali ndi zaka 21.

Zimene adaona ku Bethal

Nkhani imene idatchukitsa dzina lake idachokera ku Bethal, dera la minda ikuluikulu ya chimanga ndi mbatatesi kum'mawa kwa Transvaal, komwe lero ndi chigawo cha Mpumalanga. Alimi achizungu a kumeneko ankasowa antchito chaka chilichonse, chifukwa aliyense wodziwa mbiri ya derali ankalilambalala. Ndiye ankadalira anthu opanda pothawira: akaidi, ana, ndi alendo ochokera kumpoto amene adalowa m'dzikomo opanda mapepala. Ambiri mwa alendowa adali ochokera ku Nyasaland ndi ku Rhodesia. Mnyamata ankachoka kwawo ndi maloto okagwira ntchito ku Joni, koma akangowoloka Limpopo ankagwa m'manja mwa olemba anthu ntchito, n'kudinda chala pa kontirakiti imene sadaiwerenge. Ena mwa amene kumudzi ankawaika m'gulu la matchona adathera m'minda imeneyi.

Mu Juni 1947 Ruth adapita ku Bethal pamodzi ndi wansembe wa Anglican, Michael Scott. Adawatsogolera ndi Gert Sibande, mtsogoleri wa African National Congress (ANC) m'deralo, amene adali atayenda kale m'mindamo ndipo ankadziwa makomboni ake onse. Adapeza amuna atavala ziguduli zoboola pamutu ndi m'mikono, chifukwa zovala zawo zidalandidwa kuti asathawe. Ankakumba mbatatesi ndi zala, atawerama m'mizere kuyambira m'bandakucha mpaka mdima, akapitawo ali pambuyo ndi zikoti. Usiku ankawatsekera m'nyumba zopanda mazenera enieni, ankagona pasimenti, panja pali alonda ndi agalu. Mmalawi amene adamvapo za thangata wa m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje akhoza kuyerekeza, koma pa thangata munthu madzulo ankabwerera kunyumba kwake.

Ruth sadalembe zongomva. Adalemba zimene adaona ndi maso, adatchula malo, adafunsa antchitowo malipiro awo, ndipo adayang'ana milandu ya kukhoti ya antchito amene adamenyedwa mpaka kufa. Nkhaniyo idafika mpaka ku Britain. Boma la Smuts lidalonjeza kufufuza, koma zinthu sizidasinthe kwenikweni, ndipo mu 1952 mtolankhani wa magazini ya Drum, Henry Nxumalo, atapitako adapeza nkhanza zomwezo. Komabe njira ya kagwiridwe ka ntchito ya Ruth idakhazikika pamenepo: kupita komweko, kufunsa eniake, kuwerenga manambala, kenaka kulemba mosazungulira.

Nyuzipepala yopanda otsatsa malonda

Mu 1948 National Party ya D.F. Malan idapambana chisankho cha azungu n'kuyamba kumanga tsankho ndi malamulo. Mu 1950 idakhazikitsa lamulo lothana ndi chikomyunizimu, limene lidalembedwa motambasuka kotero kuti pafupifupi aliyense wofuna kusintha zinthu akadatha kutchedwa wachikomyunizimu. Nduna inkangosaina kalata, munthu n'kuletsedwa kupita kumsonkhano, kutuluka m'boma lake kapena kukhala membala wa bungwe. Chipani cha makolo a Ruth chidadzithetsa chokha lamulolo lisanayambe kugwira ntchito, ndipo mu 1953 chidadzukanso mobisa ndi dzina la South African Communist Party. Ruth ndi mwamuna wake adali momwemo.

Nyuzipepala yawo inkatuluka kamodzi pasabata. Makampani akuluakulu sankatsatsamo malonda, motero inkayenda ndi zopereka za owerenga ndi khama la oigulitsa m'malokeshoni, amene apolisi ankawavutitsa kawirikawiri. Mkonzi wamkulu adali Brian Bunting ku Cape Town. Ku Port Elizabeth kudali Govan Mbeki, bambo a Thabo Mbeki, ku Durban kudali M.P. Naicker, ndipo ku Johannesburg kudali Ruth. Popeza ANC idalibe nyuzipepala yakeyake yofika m'dziko lonse, imeneyi ndiyo inkauza munthu wa ku Transkei zimene anzake a ku Sophiatown akuchita. Nyuzipepala za azungu zinkalemba za munthu wakuda akaba kapena akaphedwa. New Age inkalemba za iye akamakana kusamutsidwa, akamapempha malipiro, akamaotcha chitupa.

Kuchokera muofesi yake, Ruth adatsata ulendo wa amayi pafupifupi 20,000 amene adapita ku Union Buildings ku Pretoria pa 9 Ogasiti 1956 kukana zitupa. Adatsatanso anthu a ku Alexandra amene mu 1957 adanyanyala mabasi mtengo utakwera ndi kobiri imodzi, n'kumayenda wapansi makilomita pafupifupi 15 kupita kuntchito m'mawa ndi enanso 15 pobwerera. Kuyambira mu 1955 adakhalanso mkonzi wa magazini ya Fighting Talk, imene inkasindikiza zandale pamodzi ndi nkhani zopeka za olemba akuda, komanso nkhani za mayiko a mu Africa amene ankamenyera ufulu wodzilamulira. Adali m'komiti imene idasonkhanitsa zofuna za anthu n'kulemba Freedom Charter, koma kumsonkhano wa ku Kliptown wa pa 26 Juni 1955, kumene chikalatacho chidavomerezedwa, sadaloledwe kukhala nawo chifukwa adali ataletsedwa kale kupezeka pamisonkhano.

Mu Disembala 1956 apolisi adamanga anthu 156 pa mlandu woukira dziko. Pagululo padali Albert Luthuli, Mandela, Ruth ndi Joe Slovo, amene adali woimbidwa mlandu komanso loya nthawi imodzi. Mlanduwo udakoka zaka zoposa zinayi. Ruth adachotsedwapo usanathe, ndipo mu Malichi 1961 khoti lidamasula onse otsala. Mlanduwo uli mkati, masana Ruth ankakhala m'khoti, madzulo ankabwerera kuofesi kukakonza nyuzipepala ya sabata imeneyo.

Chaka chimene anthu adakana mbatatesi

Mu 1959 nkhani ya m'minda idabweranso, ulendo uno ili ndi chidindo cha boma. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1950, apolisi ndi maofesi olemba anthu ntchito adali ndi dongosolo lawo. Munthu akagwidwa wopanda chitupa, m'malo mopita naye kukhoti, kumene akadangolipira chindapusa chochepa, ankamuopseza ndi ndende n'kumuuza kuti asankhe kukagwira ntchito kumunda kwa miyezi ingapo. Pamapepala ankalembedwa kuti wadzipereka yekha. Abale ake sankauzidwa. Bambo ankachoka m'mawa kupita kuntchito, osabwereranso, mkazi wake n'kumazungulira m'zipatala ndi m'nyumba zachisoni.

Ruth ndi mtolankhani mnzake Joe Gqabi adayamba kulondola malole amene ankanyamula anthuwa, kujambula zithunzi ndi kufunsa amene adathawa. Loya Joel Carlson ankatengera nkhanizo kukhoti, kukakamiza eni minda kuti abweretse anthu amene akuwasunga. Amuna amene adaonekera pamaso pa oweruza adali owonda, azipsera, ndipo adasimba za anzawo amene adafera m'munda n'kukwiriridwa momwemo. New Age idasindikiza zonsezi sabata ndi sabata.

Kumapeto kwa Meyi 1959 ANC idapempha anthu kuti asiye kudya mbatatesi. M'malokeshoni anthu ankauzana kuti mbatatesi za ku Transvaal zamera pa mitembo ya abale awo. Matumba adaunjikana m'misika mpaka kuwola, ndipo ogulitsa tchipisi adasowa makasitomala. Kunyanyalaku kudatha miyezi itatu, ndipo boma lidaimitsa dongosolo lotumiza ogwidwa ndi zitupa kuminda popanda kuweruzidwa. Nkhanza za m'minda sizidathere pomwepo, koma alimi a ku Bethal adamva kuwawa m'thumba chifukwa cha zolembedwa m'nyuzipepala.

Apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960, boma lidaletsa ANC n'kumanga anthu zikwizikwi, kuphatikizapo Slovo. Ruth adathawira ku Swaziland ndi ana ake, kenaka adabwerera mwakachetechete. Chaka chotsatira adapita ku South West Africa, imene lero ndi Namibia, apolisi akumulondola paliponse, ndipo adabwerako ndi zofunika kulembera buku lake loyamba, limene lidatuluka ku Britain mu 1963 n'kuletsedwa kwawo.

Masiku 117

Ataletsedwa utolankhani, Ruth adalembetsa maphunziro a ntchito ya mulaibulale. Pa 11 Julayi 1963 apolisi adazinga famu ya Liliesleaf ku Rivonia n'kugwira Walter Sisulu, Govan Mbeki ndi atsogoleri ena. Ruth ankafikafika pamalopo, koma tsikulo padalibe. Slovo adali atatuluka m'dziko mwezi wapitawo. Pa 9 Ogasiti apolisi achinsinsi adamugwira kulaibulale ya yunivesite, pogwiritsa ntchito lamulo latsopano lolola kusunga munthu masiku 90 popanda mlandu, popanda loya, popanda womuyendera. Adali mmodzi mwa amayi achizungu oyamba kumangidwa ndi lamulolo.

Adamutsekera yekha kupolisi ya Marshall Square, kenaka kundende ya ku Pretoria, kenaka kumubwezanso ku Marshall Square. Buku lokhalo limene adaloledwa kukhala nalo lidali Baibulo. Iye sadamenyedwe monga ankachitira ndi akaidi akuda, ndipo adanena zimenezi poyera pambuyo pake. Mu Seputembala chaka chomwecho Looksmart Ngudle, womenyera ufulu wa ku Cape Town, adafera m'manja mwa apolisi pansi pa lamulo lomwelo. Chida chimene adagwiritsa ntchito pa Ruth chidali kusungulumwa ndi kusadziwa za mawa.

Masiku 90 atakwana adamuuza kuti ndi mfulu. Adatuluka, n'kulunjika pa foni ya m'mbali mwa msewu kuti aimbire kunyumba, ndipo asanaimbe adamugwiranso kuti ayambe masiku ena 90. Apa mphamvu zidamuthera. Adavomera kulankhula, poganiza kuti awauza zokhazo zimene akudziwa kale kuti aone zimene ali nazo. Posakhalitsa adazindikira kuti walowa mumsampha ndipo adasiya, osapereka mnzake ndi mmodzi yemwe. Koma mantha adamugwira akuti apolisi afalitsa mphekesera yoti wagulitsa anzake. Adamwa mapiritsi ogonetsa amene adali nawo kuti adziphe, koma adapulumuka. Adatulutsidwa atakhala masiku 117, osaimbidwa mlandu uliwonse.

Mu Malichi 1964 adachoka ku South Africa ndi ana ake pa chilolezo chotuluka chosabwerera nacho. Sadapondenso kwawo. Ku London adalemba buku la 117 Days, limene lidatuluka mu 1965. Anthu ambiri andale akamalemba za kundende amadzionetsa ngati ngwazi zosagwedezeka. Ruth adalemba za mantha ake, za kudzinyenga kwake ndi za tsiku limene adafuna kufa, ndipo chifukwa cha zimenezi dziko lidamvetsa zimene kutsekeredwa wekha kumachita m'mutu mwa munthu. Mu 1966 BBC idapanga filimu ya nkhaniyi, iye mwini akusewera mbali yake.

Diso lomwelo pa abale ake

Ku Britain adakhala mmodzi mwa olankhula odziwika a gulu lolimbana ndi tsankho. Adakonza buku la Govan Mbeki lonena za kuukira kwa alimi a ku Pondoland, adasonkhanitsa zolankhula za Mandela m'buku la No Easy Walk to Freedom, ndipo adathandiza Oginga Odinga wa ku Kenya kulemba Not Yet Uhuru. Pamodzi ndi Jonathan Steele ndi Christabel Gurney adalemba buku loonetsa mmene makampani a kumayiko a azungu ankapindulira ndi tsankho. Kuyambira mu 1973 adaphunzitsa payunivesite ya Durham, ndipo mu 1975 adakaphunzitsako ku Dar es Salaam.

Chimene chimamusiyanitsa ndi anzake ambiri n'chakuti diso limene adayang'anira Bethal adaliloza ngakhale kumbali yake. M'buku la The Barrel of a Gun la mu 1970 adafufuza chifukwa chake asilikali ankalanda maboma ku Nigeria, Ghana ndi Sudan. Adapeza kuti ufulu udasiya chuma m'manja mwa akunja, ndipo kagulu ka ophunzira kamene kadalowa m'maofesi a atsamunda kadaona boma ngati njira yokhayo yolemerera. Pamene andale akukanganirana mphikawo, asilikali nawonso ankafuna gawo lawo. Panthawi imene ambiri ankaombera m'manja mtsogoleri aliyense wolankhula zotsutsa atsamunda, mawu otere sadali okoma kumva. Mu 1974 adalemba za Libya ndipo sadamunyengerere Muammar Gaddafi.

M'chipani chake momwe ankadziwika kuti ndi wovuta. Soviet Union italowa ndi akasinja mu Czechoslovakia mu 1968, chipanicho chidavomereza, koma Ruth adatsutsa, ndipo mikangano yake ndi Slovo pa nkhani zotere inkadziwika kwa aliyense wofika pakhomo pawo. Ena mwa akuluakulu ankafuna kuti alangidwe. Sadatuluke m'chipanimo, koma sadasiyenso kufunsa mafunso. Amene adagwira naye ntchito amakumbukira lilime lake lakuthwa, kudana kwake ndi ulesi wa m'maganizo, komanso kukonda kwake zovala zabwino ndi nsapato za ku Italy. Ana ake adalipira mtengo wawo. Shawn adalemba filimu ya A World Apart ya mu 1988, ndipo Gillian adalemba buku la Every Secret Thing mu 1997, zonse ziwiri zosimba ululu wa mwana amene makolo ake adawagawana ndi dziko lonse.

Maputo ndi amuna a ku Wenela

Mozambique italandira ufulu mu Juni 1975, Aquino de Bragança, mnzake wa Samora Machel, adakhazikitsa Centro de Estudos Africanos payunivesite ya Eduardo Mondlane. Mu 1977 adaitana Ruth kuti adzatsogolere kafukufuku wa anthu opita kumigodi, ndipo chaka chotsatira Ruth adakhala mkulu wa kafukufuku pamalopo. Kwa iye kudali kubwerera kufupi ndi kwawo, komanso kubwerera ku nkhani imene idamulowetsa utolankhani mu 1946.

Nthawiyo zinthu zinkasintha msanga m'migodi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchito m'Malawi. Mwezi womwewo boma la Portugal lidagwetsedwa ndi asilikali. Eni migodi adaona kuti kudalira mayiko oyandikana nawo n'koopsa, motero adakweza malipiro n'kuyamba kulemba anthu ambiri a mu South Africa momwemo. Amuna a ku Mozambique olembedwa kumigodi, amene adapitirira 100,000 mu 1975, adatsika kufika posakwana theka la chiwerengerocho pofika 1977.

Ena m'chipani cholamula cha Frelimo ankaona ulendo wa kumigodi ngati chotsalira cha utsamunda choyenera kungothetsedwa. Ruth adatenga aphunzitsi ndi ophunzira n'kupita nawo kumidzi ya m'chigawo cha Inhambane, kukafunsa khomo ndi khomo. Adapeza kuti patatha zaka pafupifupi 80 za Wenela, ulimi wa m'midzimo udali utamangiririka ku malipiro a ku Joni. Pulawo, ng'ombe, makina osokera, malata ndi chiwongo, zonse zinkagulidwa ndi ndalama za kumgodi. Kutseka njirayo popanda kupatsa anthu china kukadagwetsa ndi ulimi womwe. Ofufuza a pamalopo adachenjezanso boma kuti likuthira chuma chambiri m'minda ikuluikulu ya boma n'kuiwala alimi ang'onoang'ono amene ankadyetsa dziko. Ruth ankakhulupirira Frelimo, ndipo n'chifukwa chake ankaiuza zimene sinkafuna kumva. Kafukufukuyu adadzatuluka mu 1983 m'buku la Black Gold, mwini wake atafa kale.

Kalata ya pa 17 Ogasiti

Zaka zimenezo boma la P.W. Botha lidali litayamba kusaka adani ake kunja kwa malire. Mu Januwale 1981 asilikali ake adalowa ku Matola, pafupi ndi Maputo, n'kupha mamembala a ANC m'nyumba zawo. Mu Julayi chaka chomwecho Joe Gqabi, mnzake wa Ruth wa nkhani ya mbatatesi uja, adaomberedwa pakhomo pake mumzinda umene lero ndi Harare.

Lachiwiri pa 17 Ogasiti 1982 masana, patangopita masiku ochepa chithere msonkhano wa akatswiri umene adathandiza kukonza, Ruth adali muofesi yake payunivesite akutsegula makalata. Imodzi idaphulika m'manja mwake ndipo adafera pomwepo, ali ndi zaka 57. Aquino de Bragança, Pallo Jordan ndi Bridget O'Laughlin, amene adali m'chipindamo, adavulala. Ruth adaikidwa kumanda a Lhanguene ku Maputo, pafupi ndi ophedwa ku Matola. Boma la South Africa lidakana kuti likudziwapo kanthu, ndipo nyuzipepala ina ya ku Johannesburg idafika pofalitsa bodza loti Slovo ndiye adakonza imfa ya mkazi wake. Slovo adaisumira ku London n'kupambana.

Zoona zidatuluka tsankho litatha. Craig Williamson, kazitape wa apolisi amene adanamizira kwa zaka zambiri kuti ndi womenyera ufulu mpaka adaululika mu 1980, adavomera kuti bombalo lidakonzedwa ndi nthambi yake, ndipo amene adalipanga ndi Jerry Raven. Anthu omwewa ndiwo adatumiza bomba limene lidapha Jeanette Schoon ndi mwana wake Katryn, wa zaka 6, ku Lubango m'dziko la Angola mu 1984. Mu 1998 adakaonekera pamaso pa komiti yokhululukira ya Truth and Reconciliation Commission, ana a Ruth atakhala pomwepo. Anawo adatsutsa pempholo, ponena kuti mayi awo adali mphunzitsi wopanda mfuti ndipo kuti Williamson sadaulule zonse. Joe Slovo sadaone tsikulo. Adabwerera kwawo mu 1990, adakhala nduna ya zanyumba m'boma la Mandela, ndipo adamwalira mu Januwale 1995.

Lero yunivesite ya Witwatersrand imachititsa mwambo wa chaka ndi chaka wokumbukira Ruth First, pomwe atolankhani ndi ofufuza achinyamata amapereka zimene apeza. Ku Durham kuli thumba la dzina lake lolipirira ophunzira a kum'mwera kwa Africa, ndipo kusukulu yake yakale ya Jeppe atsikana ochokera m'mabanja osauka amaphunzira ndi thandizo lotchedwa dzina lomwelo. Chikomyunizimu chimene adachikhulupirira chidagwa ku Ulaya, ndipo anthu akhoza kutsutsana mpaka kalekale ngati adasankha bwino. Koma zimene adalemba za Bethal, za zitupa ndi za amuna a ku Wenela zidakalipobe ngati umboni, chifukwa zidachokera pakamwa pa eniake ndi pa manambala amene adawawerenga yekha. Mtolankhani wa lero amene amadikira chikalata cha kuofesi ya nduna kuti apeze cholemba ali ndi zambiri zoti aphunzire kwa mayiyu.

Mu 2000 komiti yokhululukira ija idakhululukira Williamson ndi Raven. Mpaka lero palibe munthu amene adagonapo m'ndende ngakhale usiku umodzi chifukwa cha imfa ya Ruth First.